Uiphule Isanapse

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anavulala kwambiri. Dzino la alamu anga linali logwedera kale (iwo amakana, koma ine ndinaliona likugwedera akuimba pamaliro), ndipo mpeni umene unapindika tsiku limenelo ndinauwongola ndi mwala, mpaka lero ukusendabe mbatata. Zina zonse zimene ndikuuzeni ndi zamanyazi chabe, ndipo manyazi sapha munthu. Zimene zimapha munthu ndinaziona chaka chatha, kusiyana kwake ndikukudziwa.

Mkazi wanga Edina anamwalira mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa. Za matenda ake sindilemba pano. Tinatsala awiri, ine ndi mwana wathu Tamanda wa zaka zisanu, m'nyumba ya aphunzitsi ya zipinda ziwiri kufupi ndi pa Chonde, kumene ndimaphunzitsa Chichewa kusekondale yoyendera. (Phunziro limene ndimaphunzitsali muligwire bwino, chifukwa manyazi anga onse agona pamenepo.)

Kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi. Tsiku limene akwawo kwa Edina anandisudzula, kundiuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha ndipo ndine mfulu, nkhani ya Tamanda anaiika padera. Apongozi anga, mayi ake a Edina, anati tidzaikamba anthu akakolola. Tanthauzo lake ndinalimva. Akakolola adzabwera kudzatenga mdzukulu wawo kupita naye ku Limbuli, pokhapokha ataona ndi maso awo kuti mwamuna yekha angathe kulera mwana wamkazi. Anzanga kusukulu ankandiuza kuti malamulo a boma ali mbali yanga. Kapena alidi mbali yanga. Koma sindinafune kukokana ndi mayi amene wangoika kumene mwana wake m'manda. Ndinkafuna anene okha, ndi pakamwa pawo, kuti mwanayu akhale.

Uthenga unafika mu Juni kuti akubwera Loweruka pamodzi ndi a Gusito, achimwene ake a Edina, amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Limbuli. A Gusito ndiwo malume a Tamanda, ndiye kuti pamwambo ndiwo eni mbumba.

Sabata yonseyo ndinasesa, ndinakolopa, ndinachapa ngakhale zovala zochapa kale. Lachinayi tikudya, ndinamufunsa mwana.

"Agogo ako akubwera Loweruka. Tiwakonzere chiyani?"

Anaganiza kanthawi, akuseweretsa sipuni. Kenako anati, "Keke yakuda ya amayi."

Chiikireni maliro, Tamanda anali asanapemphepo chinthu chilichonse potchula amayi ake. Ndinangoti, "Chabwino," n'kudzuka kukatunga madzi ngakhale ndowa inali yodzaza.

Keke yakudayo ndiifotokoze. Tisanakwatirane, Edina ankagwira ntchito kukhitchini ya nyumba ina yogona alendo ku Boma, kumene kumafikira anthu odzakwera phiri. Kumeneko ndiko anaphunzira kuphika chinthu chimene iye ankachitcha bulawuni. Ndi keke ya chokoleti yathyathyathya, yosafufuma, yakhirichikhirichi pamwamba koma yofewa ndi yonata mkati. Uvuni tinalibe. Ankaiphika pambaula monga timaphikira chigumu, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Ndinaidya zaka zisanu ndi chimodzi, koma kuima pambali pake n'kuona mmene akuphikira, ngakhale tsiku limodzi sindinachitepo. Ine ndinkaipeza ili pambale, itazizira, itadulidwa kale. Ndinkati "zikomo amayi," n'kumadya ndikuchonga makope.

Kaphikidwe kake ndinakapeza m'kope lakale la masamu, pansi m'sutikesi yake imene ndinali ndisanaitsegule. Zilembo zake zopendekera kumanzere zija. Ufa watirigu kapu imodzi yosadzaza. Shuga kapu imodzi ndi theka. Mazira atatu. Majarini osungunula. Koko masipuni asanu ndi imodzi. Mchere wotsina ndi zala. Makala asachuluke. Ndipo pansi penipeni, mawu awiri odula mzere kawiri:

Uiphule isanapse.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa Chichewa analowerera. Mawu oti kupsa ali ndi matanthauzo awiri, ndipo ine chaka ndi chaka ndimawalemba pabolodi. Nthochi ikapsa timadya, nyumba ikapsa timalira. Ndiye Edina ankanena kupsa kuti? Ndinakhala pabedi, kope lili m'manja, n'kumasinkhasinkha ngati funso la mayeso. Munthu wamutu wabwino saphula chakudya chisanapse. Makamaka ife a kuno, amene tinakulira kalongonda, nyemba zimene umaziwiritsa kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuwiritsanso mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ukaziphula msanga banja lonse limazungulira mutu. Amayi anga ankatimenya tikangotsegula mphika nthawi isanakwane. Chinangwa chowawa, chimodzimodzi. Kwa ife chakudya chosapsa ndi mlandu. Choncho ndinagamula kuti Edina ankatanthauza kuti uiphule isanapserere, kungoti analemba mofulumira.

Ndipo (apa ndikupempha kuti musandiweruze msanga, ndadziweruza kale ndekha) ndinatenga cholembera changa chofiira n'kuwonjezera zilembo zinayi kumapeto kwa mawuwo: r, e, r, e. Ndinachonga kope la mkazi wanga. Dzanja linachita lokha, monga limachitira ndikaona mwana walemba "nthawi" popanda h.

Koko ndinakagula ku Boma Lachisanu. Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja, phiri lonse litabisala. Ndinakoleza mbaula pakhonde lakuseri. Kusakaniza kunayenda bwino kwambiri, moti ndinayamba kudzimva. Tamanda anaswa dzira limodzi, zikamba zake tinazivuula ndi sipuni. Phala lake linali lakuda bii, lonyezimira, lolemera. Ndinalithira m'chiwaya chathyathyathya chimene Edina ankaphikiramo, n'kutereka, n'kuika makala pachivundikiro. Nthawi inali itangokwana teni koloko.

Patapita ngati theka la ola, fungo linayamba kutuluka. Za fungolo sindinena zambiri. Linadzaza khonde, linalowa m'nyumba, ndipo kwa kamphindi ndinamva ngati ndikatembenuka ndipeza munthu ataima pakhomo la khitchini akupukuta manja pachitenje. Sindinatembenuke.

Ndinachotsa chivundikiro. Pamwamba panali patang'ambikang'ambika ngati matope a kudambo akauma, ndipo pakati pankagwedera pang'ono ndikagwedeza chiwaya. Tamanda anasuzumira.

"Yatha, adadi. Amayi ankaphula ikatere."

Ndinabaya mpeni pakati. Unatuluka ndi phala lakuda lonata.

"Ukuona?" ndinamuonetsa. "Yaiwisi iyi. Ukufuna agogo ako atsegule m'mimba ali panjinga?"

"Koma amayi..."

"Amayi analemba, ndipo ine ndawerenga. Pita ukasambe m'manja."

Ndinavundikiranso, n'kuwonjezera makala. (Pamene panalembedwa kuti makala asachuluke ndinapaona, koma ndinati Edina sankaganizira za chiperoni.)

Patapita mphindi makumi awiri ndinabayanso. Mpeni unatulukabe ndi tizinyenyeswa tonyowa. Ndinawonjezera makala ena, n'kutenga mbale yapulasitiki kumakupizira mpaka moto unalilima. Fungo lija linayamba kusintha. Linachoka kwa Edina n'kupita kwa munthu wokazinga chimanga amene waiwala chiwaya pamoto, kenako kwa anyamata owotcha matayala. Koma keke yakuda ndi yachinyengo, abale. Chigumu chikamapserera umachiona, chimada. Nanga chinthu chimene chinali chakuda kale, uchiona bwanji?

Ulendo wachitatu mpeni unatuluka woyera mbee. Ndinasangalala. Sindinadzifunse kuti bwanji walowa kansonga kokha. Ndinaphula itakhala pamoto ola ndi theka, ndinaiika pazenera kuti izizire, ndipo mumtima ndinati yapsa koma sinapserere. Pozizira inkamveka kulira, the, the, ngati malata dzuwa likamalowa.

Alendo anafika chakumasana. Apongozi anatsika panjinga atafunda zitenje ziwiri, atanyamula kathumba ka nandolo. A Gusito anamasula kumbuyo kwa njinga chikwama chachikulu, ndipo mmene anachinyamulira ndi chala chimodzi ndinadziwa kuti munalibe kanthu. Chinali chodzatengera zovala za mwana.

Amene simunakwatire kuno mudziwe kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo mawu awo amadutsira mwa munthu wina. Choncho apongozi anakhala pamkeka pabalaza ndi Tamanda, ine ndi a Gusito tinakhala pakhonde pafupi ndi chitseko. Mpunga ndi nkhuku zinayenda bwino. Ndinamva apongozi akufunsa mwana ngati amasamba tsiku lililonse, ngati amapita ku Sande sukulu, amene amamupesa tsitsi ndani. Mayankho ake anali abwino. Mtima unayamba kukhala pansi.

Kenako ndinabweretsa tiyi, ndi chiwaya chija.

"Alamu, auzeni amayi kuti mwana anapempha keke imene malemu ankaphika, ndiye ndayesako."

"Amva," anatero a Gusito. "Duladulani tione, aphunzitsi."

Ndinaika mpeni. Sunalowe. Ndinakanikiza ndi manja awiri. Ndinaimirira n'kutsamirapo ndi thupi lonse, ndipo mpeni unapindika ngati chikwakwa. Ndinatembenuza chiwaya n'kumenya kumbuyo kwake, keke yonse inagwera pathebulo yathunthu, ndi phokoso limene linadzidzimutsa nkhuku pabwalo.

A Gusito anaitola, anaitembenuza uku ndi uku, anaigogoda ndi chala.

"Alamu, sukulu ikumanga buloko ina? Njerwa mwawotcha bwino iyi. Ya pansi pa uvuni yeniyeni."

"Ndi mmene imakhalira ikazizira," ndinatero, ngakhale ndinkadziwa kuti si mmene imakhalira.

"Dikirani, zida ndili nazo."

Anapita panjinga n'kubwera ndi sipanala. Anakulunga keke m'kansalu koyera, anaiika pa sitepe, n'kuimenya katatu. Kachidutswa kena kanathawira pabwalo. Nkhuku inakathamangira, inakajompha kamodzi, inaima n'kuganiza, n'kuchokapo.

Zidutswazo ndinaziika pambale yathu yabwino ya maluwa. Tamanda anatenga mbale kukapereka kwa agogo ake, ndipo ndinaona ndi kumchira kwa diso akulandira ndi manja awiri. A Gusito anasankha chachikulu.

"Ife a kabaza mano athu ndi otsegulira mabotolo," anatero, n'kuluma.

Panamveka kuti gwa. Maso anangoti tong'o. Kenako analavulira m'dzanja, ndipo m'dzanjamo munali zinthu ziwiri, chakuda ndi choyera.

"Mayo ine! Alamu! Mukanangonena kuti mwana simupereka, ife tikanamva. Nanga mpaka kutigulula mano?"

Ndinapepesa. Ndinawapatsa madzi amchere. Koma khutu langa linali m'nyumba. Apongozi anali ataviika chidutswa chawo m'tiyi. Anadikira. Anachivuula, anachiyesa, anachiviikanso. Kenako kunayamba kumveka phokoso laling'ono, losalekeza, ngati khoswe akukukuta chitseko. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amene chakudya cha mkamwini sangachikane, anali kudya njerwa yanga. Kamvula kankangowaza pamalata. Anadya mpaka kumaliza, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Tamanda ananyambita chake kawiri, n'kuchiika pansi bwinobwino.

"Si iyi," anatero, motsitsa mawu. "Ya amayi inali yofewa."

Anadzuka n'kukakhala pamiyendo pa agogo ake, nkhope ataibisa m'chitenje chawo. Sanalire. Bola akanalira. Ine ndinayang'ana chikwama chopanda kanthu chija chili pakhomo, ndipo ndinayamba kuwerenga mumtima madiresi ake, kuti ndi ati amene ali pachingwe, ndi ati amene ali m'dengu.

Chimene ndinanena kenako sichinali chaulemu, chinali chodziteteza basi.

"Alamu, auzeni amayi kuti ndinatsatira zonse zimene malemu analemba."

Mawu anachokera m'nyumba. "Analemba? Gusito, uwauze abweretse timve."

Ndinabweretsa kope lija. Apongozi sawerenga, ndiye a Gusito anawerenga mokweza, dzanja lina lili patsaya, mawu akutuluka ndi kamluzu kudzera pampata watsopano uja. Ufa. Shuga. Mazira. Anafika pansi.

"Uiphule isanapse..." Anayandikitsa kope kumaso. "Rere. Koma rereyu ndi wofiira, amayi."

"Wofiira bwanji?"

"Zinazi ndi zabuluu, dzanja la Edina. Rereyu ndi wofiira." Anandiyang'ana, ndipo ngakhale anali ndi ululu nkhope yawo inawala. "Amayi, aphunzitsi achonga. Amupatsa zolakwa mlongo wanga."

Kukanakhala dzenje pakhondepo ndikanalowamo.

Kenako m'nyumba munamveka phokoso limene poyamba ndinaliyesa kutsamwa, ndipo ndinati kekeyo yawakhala pakhosi apongozi. Anali kuseka. Ankaseka motsekereza, mapewa akugwedezeka, mpweya ukutulukira m'mphuno. Ndinali ndisanawamvepo akuseka. Sindinkadziwa kuti kaseko kaja Edina anakatengera kwa iwo.

Atasiya, anapukuta m'maso nthawi yaitali kuposa mmene kuseka kumafunira.

"Gusito, iwe unali ku Joni nthawi imeneyo," anatero. "Khirisimasi ina Edina anabwera nazo kumudzi zimenezi, akuti amayi mulawe zimene ndimaphikira azungu. Anatereka, kanthawi pang'ono waphula. Ine kubaya ndi kamtengo, matope okhaokha. Ndinati iwe, ukufuna kutidyetsa zaziwisi pa Khirisimasi? Iye akuti amayi, imeneyi imamalizika ili pansi, ikamazizira. Mukadikira kuti ipsere pamoto ndiye kuti mwaipha. Ine ndinati mwana wa dzulodzuloyu andiphunzitse kuphika? Atangopita kumjigo, ndinaibwezera pamoto."

"Ndiye?" anafunsa a Gusito.

"Ndiye inatuluka ngati yomweyi. Anandikwiyira masiku awiri. Anati mudye nokha, ndipo ndinadya ndekha." Anapumira m'mwamba. "Lero ndadya kachiwiri."

Tamanda anasuzumira kuchokera m'chitenje. "Agogo, inunso simunamve?"

"Inenso sindinamve, mwanawe. Amayi ako ankanena zinthu kamodzi."

Tiyi anazizira m'makapu. Kenako apongozi anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni ine mwana wawo. Anandiitana okha, popanda kudutsira mwa munthu.

"Bambo a Tamanda."

"Wawa, amayi." Ndinatsika pampando n'kunjuta pakhomo, maso ali pansi.

"Ine ndinabwera kudzatenga mwana, musaganize kuti ndinabwera kudzacheza. Koma ndaona. Mwanayu ndi wosamba, ndi wonenepa, sukulu yake ili kuno. Ndipo mwamuna amene amakoleza mbaula m'chiperoni chifukwa mwana watchula mayi ake, ameneyo sindingamulande mwana. Akhala."

Ndinangowomba m'manja pang'onopang'ono.

"Sindinamalize. Akhala, koma sindingamusiye yekha ndi munthu wochonga akufa. Gusito, mawa ukanditengere bulangete langa, mankhwala a miyendo aja, ndi mpando wanga waung'ono. Nkhuku uwapatse aneba anga a make Joyisi azisunga."

A Gusito anaiwala dzino. "Amayi! M'nyumba ya mkamwini? Zipinda ziwiri zomwezi? Anthu adzati chiyani?"

"Amene adzanenewo udzawapatseko chidutswa chimodzichimodzi. Pakamwa padzakhala ndi ntchito."

Tsopano papita miyezi inayi. Tikukhala atatu. Apongozi ndi Tamanda amagona kuchipinda, ine ndinasamukira pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse ndimapinda matiresi ana asukulu asanayambe kudutsa. Kupewana m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi ntchito yofuna luso. Ndimatsokomola ndisanalowe pakhomo lililonse, iwo amakoka mapazi kuti ndiwamve akubwera, ndipo tikakumana mwangozi pakhonde tonse timayang'ana khoma ngati pali cholembedwa. Kundiitana okha kuja kunathera tsiku lomwelo. Mawu athu amanyamula ndi Tamanda, mtunda wa mapazi atatu, ndipo amawonjezeramo zake. Wayambanso kulongolola ngati kale. Madzulo ena ndimawamva awiriwo akukamba za Edina ali mwana, nkhani zimene ine sindinazimvepo, ndipo ndimasiya kuchonga n'kumamvetsera.

Keke yakuda ndaiphikanso katatu. Tsopano tanthauzo la mawu aja ndikulidziwa, ndikhoza kulilemba pabolodi. Koma kudziwa ndi kwina, dzanja ndi lina. Ikafika nthawi ija, pamwamba patang'ambika, pakati pakugwedera, mpeni utatuluka wonyowa, ndimaima ndi nsalu m'manja n'kumadziuza kuti kamphindi kamodzi kokha, ingokhalako pang'ono, sinathe. Chinthu chimene m'maso mwanga sichinathe, kuchichotsa kumandivutabe.

Ndiye kuseri kwa katani kumamveka mawu.

"Tamanda, kawauze abambo ako aphule."

Mwana amabwera, manja ali m'chiuno.

"Adadi, akuti muphule. Akutinso musaganize, muphule."

Ndimaphula.